Aphunzitsi ati ndasiya kumvera nyimbo

Ndalowa m'nyumba kunja kutada kale, sindinadye, ndipo chikwama cha nsapato chikadali pakhomo pomwe ndachiponya. Mawu amene aphunzitsi andiuza madzulo ano akungobwerabwera m'mutu, ndiye bola ndiwalembe kusiyana n'kukagona nawo.

Tinali titavina reel, umodzi mwa magule a ku Ireland, kachitatu. Ana anali atapita, tatsala ife akuluakulu 6 m'holo yozizira ija. Mu gule wa ku Ireland sitepe iliyonse imavinidwa kawiri, kuyamba ndi phazi lamanja kenako lamanzere, ndipo aphunzitsi anazimitsa nyimbo ndisanafike n'komwe kumanzereko. Sanandidzudzule pagulu, pamenepo ndikuwathokoza. Anadikira anzanga atapita kukamwa madzi, n'kubwera kudzaima pafupi nane pagalasi.

"Mukuwerenga," anatero. "Milomo yanu ndikuiona. Mwasiya kumvera nyimbo."

Ndinakana. Ndinati ndikumvera ndithu, kungoti ndikufuna kuti ndisachedwe pa kudumpha kwachiwiri kuja. Iwo anangoti, "Chabwino, ndiimbireni nyimbo imene ndazimitsayi." Ndinatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Nyimbo yomwe takhala tikuvinira chiyambire September, sabata iliyonse, ine sindinathe kuitsanzira ngakhale pang'ono. M'mutu mwanga munali manambala okhaokha, 1 mpaka 8, kubwereranso 1 mpaka 8.

Akanati mapazi anga sakuyang'ana kunja mokwanira, ndikanangovomera. Zimenezo oweruza amandilembera pa feis iliyonse. Feis ndi mpikisano wathu, ndipo pepala limabwera ndi zomwezomwezo: mapazi ayang'ane kunja, miyendo ipingasane, chidendene chisagwe pansi, mikono imate m'mbali. Ndinazizolowera. Koma kundiuza ine kuti sindikumvera nyimbo? Ine amene ndinakulira ku Dedza, kumene chimtali ndinachiphunzira ndili kumbuyo kwa azakhali anga popanda wondiwerengera? Kumudzi palibe amene anandiuzapo kuti phazi ili ligwe pa nambala yakuti. Ng'oma ikalira, chiuno chimadziwa chokha. Ndikuona kuti ndi chifukwa chake mawuwa andipweteka chonchi. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinabwera nacho kuno ndili nacho kale, ndachitaya panjira osadziwa.

Ndipo poyamba sizinali choncho ayi. Zaka 4 zapitazo mnzanga wa kuntchito ananditengera ku céilí kuno ku Dublin, gule wa gulu amene aliyense amalowa, agogo ndi adzukulu omwe. Anandikokera mu Siege of Ennis ndisakudziwa kanthu, anayi mbali ino anayi mbali inayo, mizere ikupitirirana mpaka kumapeto kwa holo. Ndinasochera kangapo koma anthu ankangondigwira dzanja n'kundibwezera pamalo. Usiku umenewo ndinaseka kuseka kumene ndinali ndisanasekepo chifikireni m'dziko muno. Sabata yotsatira ndinakalembetsa kalasi ya akuluakulu. Bun Grád, gawo la oyamba kumene, ndinadutsa mofulumira. Tús Grád, gawo lotsatira, chimodzimodzi. Tsiku limene ndinavala nsapato zolimba koyamba, zija zokhala ndi zogogodera kutsogolo ndi kuchidendene, ndinamva thabwa likundiyankha ndipo misozi inalengeza.

Kenako Meán Grád, gawo lapakati. Ndakhalamo chaka ndi theka tsopano. Chaka chino ndapita ku feis katatu, ndabwerako ndi nambala 4, nambala 5, nambala 4. Suli woipa, suli wabwino, uli pakati basi, ndipo kuti ukwere uyenera kupambana. Ndinayamba kudzijambula pafoni, kuonera pang'onopang'ono, kuika kachipangizo kogunda nthawi pa 113 monga reel imafunira, kubwereza sitepe imodzi kukhitchini mpaka msongolo wamanzere unayamba kuwawa. Ukuwawabe. Ndikaima maola 12 kuntchito, kunyamula okalamba ndi kuwasambitsa, pofika ku kalasi miyendo imakhala italema kale. Mwezi uno dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane, mvula osakata, ndipo Lachiwiri lapitalo ndinakhala pa siteshoni ya Luas n'kulola masitima awiri adutse chifukwa mtima sunkafuna kupita. Ndinapitabe, koma ndinavina ngati munthu wolipira ngongole.

Zonsezi sindinawauze aphunzitsi. Ndinangoti, "Ndiye nditani?"

Anakhala pa benchi n'kundiuza kuti ndikhale nawo. Amayi amenewa anayamba kuvina ali ndi zaka 4, ali ndi setifiketi ya TCRG yophunzitsira, ndipo si munthu wolankhula zambiri. Lero analankhula. Anati bungwe lalikulu loyang'anira gule uyu, An Coimisiún le Rincí Gaelacha, linakhazikitsidwa ndi Conradh na Gaeilge mu 1927, ndipo mpikisano wa dziko lonse lapansi unayamba mu 1970. Malamulo, magawo, mapepala a oweruza, zonsezo n'zabwino ndipo iwo amazilemekeza. Koma gule anali alipo kale izi zisanabwere. Aphunzitsi akale ankayenda mudzi ndi mudzi, ndipo pansi pakakhala pa dothi anthu ankazula chitseko n'kuchigoneka kuti wovina amveke. Anandiuza za sean-nós, kavinidwe kakale ka ku Connemara, komwe mapazi sachoka patali ndi pansi, mikono imakhala yomasuka, ndipo wovina amacheza ndi woimba accordion, uyu akatembenuza nyimbo uyo amamuyankha. "Anthu amenewo sawerenga," anatero. "Inunso simunkawerenga pamene munabwera. Ndimakumbukira."

Pamenepo kukhosi kunanditsekera. Koma zomwe ananena kenako n'zimene zandikwiyitsa, ndipo ndikadali wokwiya pamene ndikulemba pano. Akuti nsapato zolimba ndizisiye masabata awiri, msongolo upume. Akuti feis ya mu December ndisapite. Akuti foni ndisadzijambulenso, m'malo mwake ndizimvera nyimbo pa Luas popanda kuganiza za sitepe. Ndipo akuti Loweruka m'mawa ndibwere ndidzavine light jig, gule wosavuta wa oyamba kumene, ndi ana a Bun Grád, a zaka 5 ndi 6.

Ndinati, "Aphunzitsi, ndalama ya mpikisano ndinalipira kale. Tsiku ndinapempha kale kuntchito." Anati akudziwa. Ndinati ndili ndi zaka 34, nthawi yobwerera m'mbuyo ndilibe, anzanga amene ndinayamba nawo awiri ali kale ku Ard Grád, gawo lapamwamba. Anati zimenezonso akudziwa. Sananditsutse, sanandinyengerere, anangomanga zingwe za nsapato zawo n'kunena kuti ndiwayankhe pofika Lachisanu. Kenako nyimbo inayambanso ndipo tinamaliza kalasi ndi St Patrick's Day, umodzi mwa magule akale amene masitepe ake sasintha kwenikweni kulikonse. Ndinauvina wonse nditaluma mlomo kuti usagwedezeke, koma mkati ndinkawerengabe.

Kodi akulondola? Mbali ina ya ine ikuti akundichotsa pamzere mwaulemu, kuti aona kuti ndafika pamapeto panga ndiye akufuna ndizingosangalala ndi ana. Mbali ina ikudziwa kuti si munthu wotero. Chaka chatha pamene bondo la mnzathu wina linavuta, anamuchitira zofanana ndi zomwezi, ndipo mnzathuyo akuvinabe. Ndiponso funso lawo lija silinali lachinyengo. Anandipempha nyimbo, ine ndinalibe.

Achemwali anga ananditumizira mawu pa WhatsApp sabata yatha, kapena inali sabata inayo, masiku akungosakanikirana. Anaona kanema wanga wakale ndiye anati, "Iwe, bwanji waumitsa manja ngati wapalamula? Gule ameneyu wakupatsa chiyani?" Sanali kunyoza, amafunsa moona, chifukwa amadziwa mtengo wa nsapato ndi makalasi, ndiponso amadziwa zomwe ndalama imeneyo ingachite kumudzi. Sindinawayankhe. Kale ndikanawayankha msanga. Ndikanawauza kuti ukaumitsa thupi lonse kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba, chimwemwe chonse chimatsikira kumapazi, ndipo mapazi amayamba kuyankhula mofulumira kuposa mmene unkaganizira. Ndikanawauza za slip jig, gule wa nsapato zofewa amene kugunda kwake kumabwera patatu patatu katatu, ndipo ukamugwira bwino umamva ngati pansi pakukukankha m'mwamba. Zimenezo n'zoona. Kungoti papita miyezi ndisanazimve, ndiye kuzinena tsopano kukanakhala ngati kufotokoza za munthu wina.

Chomwe chikundiopsa kwambiri ndi Loweruka lija. Si manyazi okha oima pakati pa ana, mutu wanga wokha ukuonekera pamwamba, makolo awo akuyang'ana pazenera. Ndikuopa kuti ndikapita, ndikavina light jig yosavuta ija, n'kupeza kuti ngakhale pamenepo sindikumva kanthu. Pa feis ndili ndi chonamizira: woweruza, mantha, thabwa loterera. Pakati pa ana sindidzakhala nacho.

Ndadzuka pang'ono apa kukaika ketulo pamoto, ndipo ndinayatsa slip jig motsitsa mawu kuti a m'nyumba ya pansi asadandaule. Ndinaima chabe, nditavala masokosi, osavina. Poyamba manambala anabwera okha. Chapakati penapake, pomwe woimba amakwera n'kutsikanso, phewa langa linagwedezeka, phewa limene zaka 4 ndakhala ndikuliletsa. Zinali za kanthawi kochepa zedi, kenako ketulo inalira ndipo ndinayambanso kuwerenga.

Mawa ndikuyamba ntchito 8 koloko. Uthenga wopita kwa aphunzitsi ndaulemba kawiri n'kuufufuta. Msongolo ndauika madzi oundana, ukugunda pang'onopang'ono, ndipo chikwama chija sindinachisunthebe pakhomo.