Lamba wada, chikwama chayamba kufewa

Lamba uja ndinadula mwezi watha tsopano wada bii, ndipo utoto wa m'sitolo sunamukhudze ngakhale dontho. Chikwama cha pa kaunjika nachonso chayamba kupindika mosavuta. Ntchito ziwirizi ndikuzichitira pa tebulo limodzi, koma zikopa zake n'zosiyana kwambiri moti mankhwala amene athandiza lambayu sakanachita kanthu pa chikwamacho.

Chikopa cha lambayu ndi chija chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, ogulitsa amati veg tan. Makungwa ambiri a ntchitoyi m'chigawo chathu chino ndi a mtengo wa black wattle, umene kwawo ndi ku Australia koma umalimidwa kwambiri ku KwaZulu-Natal. M'makungwamo muli mankhwala achilengedwe otchedwa tannin, ndipo chikopa chikamaliza kufufutidwa tannin uja amatsalira m'kati mwake. Akakumana ndi chitsulo chosungunuka, amada. Inki yakale imene azungu ankalembera mabuku asanayambe kusindikiza inkapangidwa mwa njira yomweyi.

Ndinatenga steel wool yotsukira mapoto, n'kuyamba kaye ndaichapa ndi sopo chifukwa imabwera ndi timafuta toletsa dzimbiri. Kenaka ndinaiponya m'botolo la viniga woyera. Chivindikiro musamange ndithu, chifukwa chitsulo chikamadyeka mumatuluka mpweya wa hydrogen ndipo botolo likhoza kuphulika. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, chitsulocho chimakhala chitasungunuka, mumangosefa ndi kansalu. Madzi ake saoneka ngati utoto ayi. Anga anali otuwa, ofiirira pang'ono, onunkha dzimbiri.

Nditayesa pa kachidutswa kotsala, kanangosanduka kotuwa ngati phulusa, kusonyeza kuti tannin analimo wochepa. Ndiye ndinaphika tiyi wa ku Thyolo wokhathamira zedi, wopanda shuga, n'kumupaka pa lamba yense, chifukwa masamba a tiyi alinso ndi tannin. Atauma pang'ono ndinamuviika m'madzi a chitsulo aja. Mtundu umasintha ukuona: kutuwa kumayambira m'mphepete momwe mpeni unadutsa, n'kumalowa pakati, kenaka chikopa chikamenyedwa ndi mphepo chimanka chidererabe. Chimene chandisangalatsa n'chakuti kuda kumeneku kuli m'kati mwa chikopa. Ndakhula ndi nsalu yoyera mwamphamvu, nsaluyo yatuluka yoyera. Amene anavalapo lamba wopakidwa utoto wakuda pa thalauza la khaki, thukuta la mu Okutobala lili chuchuchu, akudziwa chifukwa chake ndikunyadira zimenezi.

Pambuyo pake, pofuna kuchepetsa asidi wa viniga uja, ndinamutsukuluza m'madzi osungunulira soda pang'ono, mwachangu, n'kutsukuluzanso ndi madzi okha. Apa anthu ambiri amapyola muyezo. Chikopa mwachibadwa chimakhala ndi asidi wochepa, pH yake (muyeso wa asidi) imakhala cha m'ma 4.5 mpaka 5, ndipo mukachisiya m'madzi a soda nthawi yaitali chimauma gwa n'kuyamba kuthetheka. Fungo la viniga lilipobe, likutha pang'onopang'ono.

Viniga ndi madzi zimachotsa mafuta m'chikopa, choncho mafuta ayenera kubwezeredwa. Ndagwiritsa ntchito neatsfoot, mafuta ochokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe. Ndimadontheza pang'ono pa kansalu, osati pa chikopa, n'kupaka lambayo akadali ndi kachinyezi, kenaka ndimamusiya usiku wonse kuti mafuta ayende okha. M'mawa ndimapinda lambayo ndi manja. Akakhala kuti akadali wouma ndimawonjezera. Mafuta akachuluka sungawatulutsenso: lamba amalefuka, mabowo a chitsulo chomangira amatambasuka, ndipo amadetsa zovala. Mafutawa amadetsanso chikopa, zomwe pa lamba wakuda ndi phindu, koma pa chikopa choyera muyambe mwayesa pobisika.

Chikwamacho nkhani yake ndi ina. Nditasuzumira m'kati, pamene msoko unasomoka, ndinaona kuti pakati pa chikopacho ndi potuwa mobiriwira. Chimenecho ndi chizindikiro cha chikopa chofufutidwa ndi mchere wa chrome, njira imene Augustus Schultz anailembetsa ku America mu 1884. Imatha tsiku limodzi kapena awiri pomwe ya makungwa imatenga masabata, n'chifukwa chake nsapato ndi zikwama zambiri zimene timagula ndi za mtundu umenewu. Mulibe tannin wa mitengo, ndiye madzi anga a chitsulo sakanachidetsa. Ndinadonthezapo madzi ndipo anangokhala pamwamba osalowa, kusonyeza kuti kufakitale anakutirapo utoto wina. Maganizo ochisintha mtundu ndawasiya. Chikhale chofiirira chomwecho.

Vuto lake linali nkhungu ndi kuuma. Nkhungu ndinaipukuta panja ndi nsalu yonyowetsedwa m'viniga wothira madzi, n'kuchipachika pa mthunzi podutsa mphepo. Padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayinso, chifukwa kutentha kumakwinyitsa chikopa ndipo sichibwereranso. Chitauma ndinachipaka mafuta amene ndasakaniza ndekha: gawo limodzi la phula la njuchi, magawo atatu a neatsfoot. Ndimaika zonsezi m'kachitini, kachitiniko n'kukakhazika m'poto wa madzi otentha, chifukwa phula likakhala pamoto penipeni limatha kuyaka. Zikazizira zimagwirana, zofewa moti chala chimalowa. Popaka ndimalimbikira m'makona ndi momwe chivindikiro chimapindikira, ndipo ndikamaliza ndimachipotokola ndi manja monga ankachitira akale pofufuta chikopa cha mbuzi. Ntchito ya manjayi imathandiza kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa ndi imene imamasula ulusi wa chikopa umene unamatana.

Mnzanga wina wosoka nsapato pa msika amaseka akamandiona ndikuvutika chonchi. Iye amati Kiwi ndi burashi basi. Pa kuwala akunena zoona, ndipo polishi ameneyu wakhala akuwalitsa nsapato kuyambira 1906 pomwe anayamba kupangidwa ku Melbourne. Koma polishi amakhala pamwamba. Chikopa chouma mukachipaka polishi chimawala chikuthetheka. Za mafuta ophikira ndimakana ndithu: poyamba amafewetsa, koma pakapita nthawi amavunda, chikwama n'kumanunkha. Vaselini amatchinga madzi, koma amakoka fumbi, ndipo m'chilimwe muno nsapato yopakidwa vaselini imafika ku ntchito itafiira.

Chingwe cha chikwamacho chokha ndiye sichipola. Chinang'aluka m'malo awiri, pafupi ndi timphete tachitsulo, ndipo mafuta salumikiza ulusi woduka. Ndichotsa chingwe chonsecho n'kudula china ku chikopa chimene chatsala pa lamba. Popeza chimenecho ndi veg tan, chidzalandira utoto wofiirira bwinobwino, koma ndiyenera kuyamba ndayesa pa tizidutswa topakidwa kale mafuta, chifukwa neatsfoot adzachidetsa kuposa mmene utoto wokha ukuonetsera.