Pulogalamu ya kaundula wa banki m'khonde: pamene yafika, ndi misampha ya Tkinter ndi SQLite

Pofika sabata ino pulogalamuyi ikutseguka bwinobwino, ikulandira mayina a mamembala, ikulemba masheya, ngongole, zobweza ndi chindapusa, ndipo ikutulutsa fayilo yoti mlembi wa gulu n'kuitsegula mu Excel. Yalembedwa ndi Python 3, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Zenera ndi mabatani ake ndi za Tkinter, ndipo zonse zikusungidwa mu SQLite, imene ndi database, kutanthauza nkhokwe yosungiramo zolembedwa. Zitatuzi zimabwera pamodzi mukaika Python pa Windows, ndiye pa zimenezi palibe chinanso choti mudaunilode, komanso pulogalamu ikatha sifuna intaneti. Ogwiritsa Ubuntu ayenera kuikapo python3-tk payokha kuti Tkinter ipezeke.

Oyamba kumene ambiri amathera masiku akukongoletsa zenera, pomwe mavuto enieni amabisala m'deta. Deta imene ndikunena pano si bandulo ya pafoni ayi, koma manambala, mayina ndi madeti amene pulogalamu ikusunga. Batani likakhala pamalo olakwika mumaliona ndi maso n'kulisuntha. Nambala ya ndalama ikalakwika palibe chimaoneka, mumadzadziwa pa tsiku logawana, anthu atakhala kale pamkeka kudikira zawo.

Matebulo alipo awiri basi. Loyamba ndi la mamembala: nambala yake, dzina, foni, mudzi. Lachiwiri ndi la zochitika, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala ya membala, tsiku, mtundu wa chochitika ndi ndalama. Danga lakuti "ndalama zotsala" mulibe dala. Mukamasunga zotsala pamalo pake, tsiku lina mudzalemba chobweza n'kuiwala kusintha zotsalazo, ndipo mudzakhala ndi manambala awiri otsutsana osadziwa loona ndi liti. Ngongole yotsala izituluka powerengera ndi `SUM` nthawi iliyonse imene ikufunika. Gulu la anthu 25 lokumana sabata ndi sabata silingadzaze mizere yoti SQLite n'kuchedwa nayo.

Batani lofufutira chochitika mulibenso. Mlembi akalemba K20,000 m'malo mwa K2,000, pulogalamu imalemba mzere wina wobweza cholakwikacho, kenako wachitatu wolondola, ndipo yonse itatu imakhalabe. M'buku la pepala timakhwatcha ndi mzere umodzi kuti aliyense aone chimene chinalembedwa poyamba, ndipo pakompyuta pasakhale kusiyana, chifukwa ndalamazi ndi za anthu ambiri.

Ndalama zikusungidwa ngati matambala, nambala yathunthu yopanda mpumiro. K5,000 imalowa ngati 500000. Chifukwa chake mungachione nokha mu Python polemba `0.1 + 0.2`. Yankho limabwera 0.30000000000000004. Kompyuta imasunga manambala a mtundu wa float pogwiritsa 0 ndi 1 okha, ndipo magawo ena ngati 0.1 sakwanira ndendende mwanjira imeneyi. Kakusiyanako ndi kakang'ono zedi, koma kamakwanira kuti pulogalamu ikane kuti munthu wamaliza ngongole, chifukwa zimene wabweza ndi zimene anayenera kubweza zikusiyana pa kanambala kakutali kuseri kwa mpumiro. Manambala athunthu alibe vuto limeneli. Kusandutsa matambala kukhala makwacha kuzichitika pokhapokha poonetsa pa sikirini.

Samalaninso ndi `round`. Mu Python 3, `round(2.5)` amapereka 2 pomwe `round(3.5)` amapereka 4, chifukwa theka limapita ku nambala yogawika ndi 2. Si mmene tinaphunzirira kupulayimale. Pa chiwongoladzanja ndikugwiritsa `Decimal` ndi `ROUND_HALF_UP`, imene imakweza theka nthawi zonse.

Chimene mlembi walemba m'kabokosi ka `Entry` chimabwera ngati mawu, osati nambala. Anthufe timalemba 5,000 kapena K5,000, ena K 5 000, ndipo `int("5,000")` amagwa ndi ValueError. Choncho pali function imodzi yoyeretsa: imachotsa K, mipata ndi mpatuliro, imapereka chotsalacho kwa `Decimal`, imachulukitsa ndi 100, ndipo ikakanika imaonetsa uthenga wa Chichewa ndi `messagebox` n'kubwezera mlembi m'kabokosi komweko. Ndalama ya 0 kapena yochepera pamenepo imakanidwa pompo.

Musaganize kuti SQLite ikutetezani pa zimenezi. Danga lolembedwa kuti INTEGER limalandira "5,000" mwakachetechete n'kusunga ngati mawu, ndipo `SUM` amatulutsa chiwerengero cholakwika popanda chenjezo. Njira yotsekera ndi kulemba `CHECK (typeof(tambala) = 'integer')` popanga tebulo, kapena kuika mawu akuti STRICT kumapeto kwa tebulo ngati SQLite yanu ndi 3.37 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Kuti mudziwe imene muli nayo, onani `sqlite3.sqlite_version`. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti SQLite siyang'anira ma foreign key, malamulo olumikiza tebulo lina ndi linzake, pokhapokha mutailamula, ndiye mzere wakuti `PRAGMA foreign_keys = ON` uzibwera nthawi iliyonse mukangotsegula database. Popanda mzerewu mutha kulemba ngongole ya membala nambala 99 amene kulibe.

Tsopano nkhodolero, umene ndi msampha wathu weniweni ife olemba Chichewa. Zitsanzo zambiri za pa intaneti zimamanga lamulo la SQL, chiyankhulo cholamulira database, polumikiza mawu, motere: `"INSERT INTO mamembala (dzina) VALUES ('" + dzina + "')"`. Mukayesa ndi Banda kapena Phiri zimayenda. Akangobwera a Ng'oma pulogalamu imagwa ndi uthenga wakuti `near "oma": syntax error`, chifukwa SQL imaona nkhodolero wa pa Ng' ngati mapeto a mawu, ndiye "oma" wangotsala poyera wopanda tanthauzo. Mayina ndi midzi yathu ili ndi nkhodolero wambirimbiri, ndipo dzina la banki m'khonde lenilenilo lili naye. Ena amathana nazo pochotsa nkhodolero m'dzina, koma kumeneko n'kuwononga dzina la munthu. Njira yoyenera ndi kusiya mfunsiro pamalo pa dzina, dzinalo n'kuliperekera pambali:

`con.execute("INSERT INTO mamembala (dzina) VALUES (?)", (dzina,))`

Onetsetsani kampatuliro ka pambuyo pa `dzina`. Mukakaiwala, Python imatenga dzinalo ngati mndandanda wa zilembo, ndipo pa Banda idzadandaula kuti lamulo likufuna chinthu chimodzi koma lalandira 5. Njira ya mfunsiroyi imatsekanso khomo la SQL injection, pomwe munthu amalemba lamulo la SQL m'kabokosi ka dzina kuti awononge database.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Ndalemba, zaoneka pamndandanda, koma nditatseka n'kutsegulanso zasowa." Pamenepo mwaiwala `commit`, lamulo lotsimikizira zimene mwalemba m'database. Chimene chimanyenga n'chakuti connection imene yalemba, `con` uja wolumikiza pulogalamu ndi database, imaona zimene yalembazo ngakhale zisanatsimikizidwe, ndiye pa sikirini zonse zimaoneka bwino. M'pulogalamuyi kulemba kulikonse kuli m'kati mwa `with con:`, amene amachita commit zonse zikayenda, ndipo amabweza zonse china chikalakwika pakati. Izi n'zofunika pamene chochitika chimodzi chili ndi mizere iwiri, monga ngongole ndi chiwongoladzanja chake: kapena zonse zilowe, kapena pasalowe kanthu. Magetsi akazima pakati pa kulemba, SQLite imasiya kafayilo kothera ndi `-journal` pambali pa database. Musakafufute poganiza kuti ndi zinyalala. Ndi kamene SQLite idzagwiritse kubwezeretsa zinthu m'malo mwake mukadzatsegulanso.

Madeti akusungidwa motsatira ISO 8601, chaka, mwezi kenako tsiku, monga 2025-04-03. Akalembedwa chonchi, `ORDER BY` amawasanja bwino ngakhale ali mawu chabe. Mukasunga 03/04/2025, tsiku la 10 January lidzabwera pambuyo pa 03 April, ndipo Excel ya kompyuta yotcheredwa mwa ku America idzawerenga 03/04 ngati March 4. Mlembi amaonabe tsiku, mwezi, chaka monga tinazolowera, kusinthaku kumachitika ndi `strptime` ndi `isoformat`.

Za zenera lenilenilo sizinavute kwambiri, koma pali zinthu zinayi zimene zimakola pafupifupi aliyense. Pa batani lembani `command=sunga`, osati `command=sunga()`, chifukwa chachiwiricho chimayendetsa function nthawi imene zenera likumangidwa, ndipo batani likamadinidwa silichita kanthu. `pack` ndi `grid`, njira ziwiri zoyalira mabatani ndi timabokosi, sizisakanizidwa m'frame (chigawo cha zenera) imodzi. Fomu ya mayina imakhala bwino ndi `grid`. Chithunzi cha `PhotoImage` chopangidwa m'kati mwa function chimasowa function ikatha ngati simunachisunge penapake monga `self.chithunzi`. Ndipo `time.sleep` asapezeke paliponse: Tkinter imajambula zenera ndi kumvera mausi kudzera mu `mainloop`, ndiye mukaigoneka masekondi asanu zenera limauma ndipo Windows imalemba kuti Not Responding. Chofuna kudikira chizidutsa mu `after`, amene amawerenga nthawi m'mamilisekondi.

Mndandanda wa mamembala ndi `ttk.Treeview` wokhala ndi `show="headings"`. Pomutsitsimutsa amayamba wafufutidwa yense ndi `tree.delete(*tree.get_children())`, apo ayi mayina amabwerezeka. Mzere uliwonse ndikuupatsa `iid` yofanana ndi nambala ya membala m'database. Kufufuza ndi dzina n'koopsa, popeza a Phiri awiri kapena atatu m'gulu limodzi si zachilendo.

CSV, fayilo ya mawu okhaokha olekanitsidwa ndi mpatuliro imene Excel imatsegula, yatenga nthawi yambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Potsegula fayilo yolembamo pakufunika `newline=""`, apo ayi pa Windows pamakhala mzere wopanda kanthu pakati pa mizere iliyonse. Pakufunikanso `encoding="utf-8-sig"`. Ndi utf-8 wamba, Excel imasokoneza chilembo cha ŵ ndipo Malaŵi amasanduka zizindikiro zosawerengeka; "sig" uja amaika kachizindikiro kosaoneka kumayambiriro kwa fayilo kouza Excel mmene iwerengere. Manambala a foni ndiye mutu wina. M'database ali ngati TEXT ndipo ali bwino, koma mukangodina CSV kawiri, Excel imaona nambala yoyamba ndi 088 kapena 099 n'kuchotsa 0 woyambayo. Mukailemba kuyambira ndi +265 imasanduka chinthu chonga 2.66E+11, ndipo mlembi akasunga fayiloyo ili choncho manambala ena amatayika. CSV ilibe njira youzira Excel kuti danga ili ndi mawu. Choncho kapena mlembi alowetse fayilo kudzera pa Data, From Text/CSV, n'kusankha Text pa danga la foni, kapena pulogalamu ilembe xlsx, fayilo yeniyeni ya Excel, ndi openpyxl, chida cha Python chimene chimaikidwa pachokha. Ndasankha yachiwiriyi pa malipoti, chifukwa si bwino kudalira kuti munthu azikumbukira masitepe amenewa sabata iliyonse.

Kuti pulogalamu iyende pa kompyuta yopanda Python, lamulo ndi `pyinstaller --onefile --windowed banki.py`. Apa pali dzenje lalikulu. Fayilo ya exe (pulogalamu yongodina pa Windows) yopangidwa ndi `--onefile` imadzimasula m'foda yongoyembekezera yoyamba ndi `_MEI`, ndipo fodayo imafufutidwa mukatseka. Database ikakhala kuti mwaiika pafupi ndi `__file__`, imapita nawo limodzi tsiku lililonse. Mukangolemba `sqlite3.connect("banki.db")` osatchula foda, SQLite imapanga fayilo yatsopano yopanda kanthu paliponse pamene pulogalamu yayambira, ndipo uthenga umakhala `no such table`. Mu Program Files namo munthu wamba saloledwa kulemba. Malo oyenera ndi foda yakeyake m'kati mwa `os.environ["APPDATA"]`, yopangidwa ndi `os.makedirs` ndi `exist_ok=True`.

`--windowed` amabisa zenera lakuda limene Python imalembamo mauthenga, ndipo mauthenga a zolakwika amabisika nalo, moti batani limangokhala ngati silinamve. N'chifukwa chake `report_callback_exception` ya Tkinter ndaitembenuzira ku fayilo ya log ili m'foda yomweyo ya APPDATA. Exe ya Windows imamangidwa pa Windows pomwepo, PyInstaller singaimange ili pa Linux. Ngati kompyuta ya gulu ikadali pa Windows 7, mangani ndi Python 3.8, poti kuyambira 3.9 Windows 7 inasiyidwa. Antivirus ina imakayikira ma exe a `--onefile`. Ikatero yesani `--onedir`, amenenso amatseguka msanga.

Kukopera database pa fulashi pulogalamu ili mkati molemba kungapereke fayilo yoduka. Batani la kusunga kope likugwiritsa `con.backup`, amene alipo kuyambira Python 3.7, ndipo fayilo iliyonse imatchedwa ndi tsiku lake, monga `banki-2025-04-03.db`, kuti yatsopano isafufute yakale. Kope limene simunayesepo kulitsegula musalidalire: litseguleni ndi DB Browser for SQLite, muyendetse `PRAGMA integrity_check`, ndipo liyankhe kuti ok.

Chatsala ndi gawo logawana pakutha pa chaka. Kuwerengera kwake n'kosavuta: ndalama zonse za m'bokosi kugawa ndi masheya onse, kenako kuchulukitsa ndi masheya a munthu aliyense. Tiyerekeze kuti m'bokosi muli K1,000,000 ndipo masheya onse ndi 700. Sheya imodzi ikhala K1,428.57 ndi kachidutswa kosatha, ndipo ndalama za matambala palibe amene akuyenda nazo masiku ano. Pulogalamu idzagwiritsa `divmod` kuti ipeze gawo la aliyense ndi chotsala, idzatsitsa gawolo kufika pa ndalama yoti n'kuperekedwa pamanja, n'kuonetsa chotsalacho pamzere wakewake. Kumene chotsalacho chipite, kaya ku thumba la zadzidzidzi kaya chiyambire chaka chinacho, ndi malamulo a gulu amene anene, ndiye pakufunika kabokosi kosankhira. Mayeso oyamba amene ndilembe pa gawoli ndi oona kuti magawo onse kuphatikiza chotsala akufanana ndendende ndi zimene zinali m'bokosi.