Tsiku limene ng'anjo yanga ya magetsi inakana kutentha

Ndili ndi ng'anjo yaing'ono ya magetsi imene ndimawotcheramo zitsulo pofuna kuzilimbitsa, ndipo mawaya ake ndinalumikiza ndekha. Mkati mwake muli njerwa zopepuka zopirira moto, ndipo m'timizere togobedwa m'njerwazo mumadutsa waya wopotanapotana wa Kanthal A-1, wopangidwa posakaniza chitsulo, chromium ndi aluminium. Waya ameneyu amapirira mpaka madigiri 1400 a Celsius, ngakhale kuti ntchito yanga yambiri imathera pa madigiri 820.

Tsiku lina ng'anjoyo inayamba ulesi. Inkakwera bwinobwino mpaka madigiri 600, kenako n'kuyamba kuzengereza, moti patatha ola lathunthu nambala inali ikungovinavina pa 650. Ndinagamula mlandu ndisanamve mboni, ndipo ndinati waya wotenthetsera wakalamba. Ganizolo linali ndi maziko ndithu, chifukwa wayayu akamakalamba amawonda pang'onopang'ono, resistance yake (kukaniza kwake magetsi kudutsa, kumene timayeza m'ma ohm) imakwera, ndipo mphamvu imene amatulutsa imatsika. Ndinali nditatsala pang'ono kuzula waya yense pamene ndinakumbukira kuti Kanthal akapsa kangapo amakhala wophweka kuthyoka, kotero kuti ukangomusuntha ali wozizira sungamubwezeretsenso m'malo mwake.

Ndinatenga multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Ndisanakhudze chilichonse ndinathimitsa buleka, ndinazula pulagi pakhoma, kenako ndinayeza kuti nditsimikize kuti magetsi atheratu. Izi sindizichita mwamwambo chabe. Ng'anjo yanga imayatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi SSR, kachipangizo kamene kamagwira ntchito ya swichi koma kalibe kanthu koyenda mkati, ndipo ngakhale katazima kamadonthetsabe magetsi pang'ono. Munthu amene wangoona nyali yazima n'kulowetsa dzanja akhoza kugwidwa ndi magetsi.

Masamu ake ndi achidule. Ng'anjoyi ndi ya mawati 3000 pa mavolti 230, choncho imakoka maampu pafupifupi 13, ndipo ukachulukitsa 230 ndi 230 n'kugawa ndi 3000 umapeza kuti waya wake uyenera kuwerenga ma ohm pafupifupi 17.6. Nditayeza kumapeto kwenikweni kwa wayayo ndinapeza 18.2. Anali atakalamba pang'ono, koma osati mpaka kulephera kufika pa 820.

Vuto ndinalipeza nditatsegula chivundikiro chakumbuyo, pamene miyendo ya waya wotenthetsera imakumana ndi mawaya obweretsa magetsi. Bawuti imodzi inali yakuda bii, nati yake inkazungulira ndi zala zokha, ndipo kabokosi kadongo kogwirizira malowo kanali katang'aluka pakati. Mkuwa wa waya unali utasanduka wakuda ndi wouma, ndipo nditaukhudza tinsonga take tinayoyoka ngati phulusa. Ng'anjo ikatentha zitsulo zimafufuma, ikazizira zimabwerera, ndipo zikachita motero kambirimbiri nati imakhwefuka yokha. Malo okhwefukawo amayamba kutentha, kutenthako kumadetsa chitsulo, ndipo kudako kumawonjezera kutentha. Pa maampu 13, ohm imodzi yokha pamalo olumikizira imatulutsa mawati pafupifupi 170, onsewo pa kabawuti kochepa kuposa chala chaching'ono. Ng'anjo ikafika pa 600, malowo ankalekana n'kumathetheka, ndipo magetsi ankangodutsa modukizadukiza.

Ndinadula mbali yopsayo mpaka ndinafika pa mkuwa wowala, ndinapala mwendo wa Kanthal mosamala ndi sandipepa, ndinaika bawuti yatsopano yosachita dzimbiri pamodzi ndi kabokosi kena, ndipo waya wobweretsa magetsi ndinasintha n'kuika wokutidwa ndi zopirira kutentha. Waya wamba wa pulasitiki sayenera kufika pamenepo ngakhale utaoneka kuti ndi wonenepa mokwanira.

Popeza chivundikiro chinali kale pansi, ndinayang'ananso zina. Thermocouple yanga, kachipangizo koyeza kutentha kwa mkati mwa ng'anjo, ndi ya mtundu wa K, imene imatulutsa ma microvolt pafupifupi 41 pa digiri iliyonse, mphamvu yochepa kwambiri moti kulumikiza kosalimba kumasokoneza nambala yonse. Pano pali msampha umene unandigwirapo kale: pa mawaya a thermocouple a ku America waya wofiira ndiye wa negative ndipo wachikasu ndi wa positive, pamene pa mawaya otsatira IEC, bungwe la mayiko loika miyezo ya zamagetsi, wobiriwira ndi positive, woyera ndi negative. Ukasemphanitsa, ng'anjo ikutentha nambala imatsika, ndipo chowongolera kutentha chimangopitiriza kuthira moto.

SSR ndinaipukuta fumbi pa chitsulo chake choziziritsira. Kachipangizoka kakafa, kawirikawiri kamafa kali koyaka, kakudutsitsabe magetsi, ndiye chifukwa chake ndinaika contactor, swichi yaikulu yodula magetsi yokha, patsogolo pake, yolumikizidwa ku swichi ya pachitseko ndi ku alamu ya kutentha kopyola muyezo. Ena amati zimenezi n'zowonjeza, koma ine sindingasiye ng'anjo yokha ngakhale kwa mphindi 10 popanda contactor. Waya wa earth pa thupi la ng'anjo ndinauyezanso, ndipo unali bwino.

Nditayatsa, clamp meter, choyezera maampu chopanira pa waya, inaima pa maampu 12.6 osagwedezeka, ndipo nambala inadutsa 650 osaima. Ng'anjo itazizira m'mawa mwake, ndinazulanso pulagi n'kumanganso nati zonse, ndipo yatsopano ija inalola kuzungulira pang'ono ndithu.