Madola 40 owonjezera aja, tikugula chani kwenikweni?

Usiku wina mnzanga wa mu guild yathu, gulu limene timasewera limodzi gemu ya pa intaneti, ananditumizira uthenga pa Discord, pulogalamu yochezerana, kundifunsa za edishoni ya expansion yatsopano, mawu ake ochepa chabe: "achimwene mwatenga iti, yawamba kapena yapamwambayo?" Ndinamuyankha kuti sindinagule iliyonse, iye nkuseka, ati ndikunama chifukwa amandidziwa bwino. Ndipo sikuti analakwitsa kwenikweni, nthawi imeneyo tsamba logulira linali lotsegula pa kompyuta yanga kwa kanthawi ndithu, ndikungoyang'ana mabokosi atatu aja atandandalikidwa, lakumanzere lili ndi tizizindikiro tiwiri titatu basi, lapakati tochulukirapo, lakumanja lodzaza mpaka pansi moti ukaliona lakumanzere lija limaoneka ngati la munthu wosauka. Amene mumasewera magemu a pa intaneti mukulidziwa tsamba limeneli. Expansion yatsopano, gawo lowonjezera pa gemu logulitsidwa padera, ikamabwera sakugulitsa chinthu chimodzi ayi, amakufunsa kuti iwe ndiwe munthu wamtundu wanji.

Ndiyambe ndi kuulula. Ndinagulapo yodulitsitsa kamodzi, expansion yake sinditchula, ndipo palibe amene anandinamiza, zonse zinalembedwa poyera, ndinawerenga ndekha nkudina ndekha. Munali mount, chinyama chokwera chija, munali pet, kanyama kongokutsatira pambuyo kosamenya nkhondo yeniyeni, ndi zovala zina zongooneka bwino. Tsiku loyamba ndinakwera mount yanga nkukaima pakati pa mzinda waukulu kuti anthu andione. Abale, nditatembenuza kamera ndinapeza anthu ngati khumi ndi angapo aima pompo, onse pa chinyama chomwecho, mtundu womwewo, mapiko omwewo, tonse chilili ngati tavala yunifolomu ya sukulu imodzi kkkk. Patatha masabata awiri ndinabwerera ku mount yanga yakale, yonyansa pang'ono, imene ndinaivutikira miyezi ndikupha bwana mmodzimodzi, chilombo chachikulu cha mu gemu, sabata ndi sabata mpaka tsiku lina inagwa kwa iye ngati mphoto. Imeneyo ndikaikwera ndimakumbuka usiku umene inagwa ndi amene ndinali nawo. Yogula ija ndikaikwera ndimakumbuka risiti.

Koma tisangoti zonse nzachabe, tiwerengere kaye ndalama zake, chifukwa masamu ake ndi osangalatsa. Titenge World of Warcraft ya Blizzard, imene inatuluka mu 2004 ndipo mpaka pano ikutulutsabe ma expansion. The War Within ya mu 2024 inali ndi mitengo itatu: yawamba madola 49.99, Heroic 69.99, Epic 89.99. Dragonflight ya mu 2022 mitengo inali yomweyo, pomwe Shadowlands ya mu 2020 inali 39.99, 59.99 ndi 79.99. Ndiye kuchoka pansi kufika pamwamba ndi madola 40 pa zitatu zonsezi. Tsopano mu Epic amaikamo masiku 30 osewera, ndipo mwezi umodzi wosewera ukamalipira pawokha unali madola 14.99 mu 2024. Apa ndi pamene mutu umayamba kukunyenga: umati aa, kuchoka pa Heroic kupita pa Epic ndi madola 20, koma 15 ndikanalipirabe ya mwezi, ndiye kwenikweni ndikungowonjezera 5 basi, bwanji osangotenga yapamwambayo? Ndipo masamuwo ndi oona. Chimene waiwala nchakuti unabwera kudzagula ya 49.99, ya 69.99 ija sunaifune nkomwe, yangokhala makwerero okukwezera pamwamba. Ine ndimaona kuti bokosi lapakati ntchito yake yaikulu ndi imeneyo, kuti lapamwamba lioneke lotchipa.

Ndiye tichotse mwezi uja mwachilungamo. Ngati ukudziwa kuti usewerabe mwezi umenewo, madola 40 aja atsika kufika pa 25, ndipo ngati umalipira miyezi 6 pakamodzi mwezi wako unkakhala 12.99, ndiye kuchotserako nkochepa pang'ono. Madola 25 kapena 27 amenewo ndiwo mtengo weniweni wa mount, pet, kachidole, zovala, mwayi wolowa mu beta (kuyesa gemu isanatuluke) ndi kulowa msanga. Funso lake ndi limeneli basi: zinthu zimenezi zikanakhala pa shelefu pazokha, popanda chisangalalo cha expansion yatsopano, popanda trailer ija yokuimitsa tsitsi, ukanatulutsa 25? Ine ndikadzifunsa moona mtima yankho limakhala ayi kawirikawiri. Ena yankho lawo ndi eya ndipo sindikuwatsutsa, pali anthu amene gemu yawo yonse ndi kusonkhanitsa ma mount ndi ma pet, akaphonya imodzi tulo sabwera, amenewo akudziwa chimene akugula.

Nkhani imene inautsa phokoso ndi ya kulowa msanga. Kale edishoni yapadera inkangokupatsa zokongoletsa, aliyense ankalowa tsiku limodzi ola limodzi. Pa The War Within ogula Epic analonjezedwa masiku 3 oyambirira, zitseko zawo zinatsegulidwa Lachinayi pa 22 Ogasiti 2024 pomwe ena onse anadikira mpaka pa 26. Blizzard inanena kuti zinthu zikuluzikulu zakumapeto sizikhala zotsegula masiku amenewo, ndipo zoona season yoyamba, nyengo ya zosewera zatsopano, ndi raid yake ya Nerub-ar Palace, nkhondo ya gulu lalikulu, zinayamba pa 10 Sepitembala, kutanthauza kuti wogula yawamba anali ndi masabata awiri athunthu ofikira levulo 80 ndi kukonzeka. Pa pepala palibe amene anatsalira. Koma gemu ya pa intaneti sitisewera pa pepala, timasewera ndi anthu. Guild ikagawikana pakati, theka lili mkati likufuula pa Discord kuti "eee mwaona malo awa!" theka lili panja likuyesetsa kutseka makutu kuti nkhani isaululike, chimene akukugulitsa si masiku atatu, akukugulitsa kuti usakhale wotsala wekha panja. Ndipo ichi nchokhacho mu bokosi lonse chimene sungachigule mawa. Mount idikira, pet idikira, koma Lachinayi lija likapita lapita, ndiye chimakukakamiza kuganiza mofulumira, pamene munthu woganiza mofulumira ndi amene amatulutsa ndalama mosavuta.

Final Fantasy XIV ya Square Enix imachita mosiyana pa mfundo imeneyi ndipo ine njira yawo ndimaikonda. Dawntrail inatuluka pa 2 Julayi 2024, kulowa msanga kunayamba pa 28 Juni, koma kunali kwa aliyense amene anaodatu, kaya yawamba ya madola 39.99 kaya Collector's ya pa intaneti ya 59.99. Madola 20 owonjezerawo ankakupatsa zinthu zitatu zooneka ndi maso: mount ya Ark, kachidole ka Garnet ndi burashi ya Pictomancer, wankhondo womenya pojambula. Basi. Palibe chokuopseza. Ndipo ukagula yawamba lero, nkudzaona mwezi wamawa kuti mount ija ikukusowetsabe mtendere, umatha kungolipira kusiyanako nkuikweza. Ngakhale ku Warcraft njira yokwezera imakhalapo nthawi imene expansion ikugulitsidwa. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, amaona ngati chisankho ndi cha lero lokha.

Komanso pali china chokhudza masiku oyamba chimene amene akhalitsa m'magemu amenewa amachidziwa: ndi masiku ovuta kwambiri kusewera. Endwalker itatuluka mu Disembala 2021 anthu anachuluka moti mizere yolowera inkafika masauzande, ena akudikira maola nkutulutsidwa ndi error 2002 atatsala pang'ono kulowa, mpaka Square Enix inaimitsa kaye kugulitsa gemuyo kwa kanthawi nkupatsa osewera masiku aulere. Si nthawi zonse zimafika pamenepo, koma seva yodzaza, quest (ntchito ya mu gemu) yokanirira, anthu 30 akulimbirana chilombo chimodzi, izi ndi zachizolowezi sabata yoyamba. Ndiye ukamalipira kuti ukhale woyamba, dziwa kuti ukulipiranso kuti ukhale woyamba kukumana ndi mavuto amene anzako adzawapeza atakonzedwa.

Pali mtundu wina wa edishoni yodula umene ndimauona mosiyana, umene mkati mwake muli gemu yeniyeni osati zovala. Destiny 2 ya Bungie ndi chitsanzo. The Witch Queen ya mu Febuluwale 2022 yawamba inali madola 39.99, Deluxe 79.99, ndipo mu Deluxe munali ma season anayi a chaka chonse ndi ma dungeon awiri, malo omenyera nkhondo kagulu kochepa. Apa sukugula zodzionetsera, ukulipiriratu chaka. Ngati ndiwe munthu amene umaseweradi chaka chonse zimatuluka bwino kuposa kugula chimodzichimodzi. Vuto nlakuti ukubetcha pa iwe mwini wa miyezi 9 kutsogolo, amene mwina adzakhala atatopa nayo, kapena ntchito yamuchulukira, kapena anzake onse asamukira ku gemu ina. Ndi angati a ife tinalipirapo chaka nkusewera miyezi itatu? Ine dzanja langa lili m'mwamba. Ndiye onjezerani ichi: mu gemu yomweyo, nkhani ya Forsaken imene anthu anagula mu 2018 inachotsedwa mu 2022, ndipo zina zakale monga Red War zinali zitachotsedwa kale mu 2020. Sindikunena izi kuti ndinyoze, ndikungokumbutsa kuti za pa intaneti sitikhala nazo ngati mmene umakhalira ndi mpando m'nyumba mwako, zili pa seva ya eni ake, ndipo zimakhalapo mpaka pamene iwo akuzisunga.

Expansion payokha imakalambanso msanga. Ku Warcraft yatsopano ikatuluka, yakale imangolowa mu malipiro a pamwezi, wobwera mochedwa amaipeza osaigula padera. Ku Final Fantasy XIV, Heavensward ya 2015 ndi Stormblood ya 2017 pano zili mu free trial, munthu amasewera osalipira kanthu. Ndiye pa madola 90 aja, 50 unagula chinthu chimene pakatha zaka ziwiri chidzakhala cha aliyense, zimenezo nzabwinobwino chifukwa unagula kusewera pa nthawi yake pamodzi ndi anzako. Koma zikutanthauza kuti chotsala nacho chokha cha "padera" ndi ka mount kaja mu mndandanda wa ma mount 200 amene sukwera.

Pamene mtima wanga umafewa ndi pa bokosi lenileni, logwirika ndi manja. Collector's Edition za kale za Warcraft, monga ya The Burning Crusade mu 2007 ndi Wrath of the Lich King mu 2008, munkakhala buku la zojambula lachikuto cholimba, CD ya nyimbo za mu gemu, DVD yoonetsa mmene anaipangira, mouse pad, ndi pet imodzi yokha, Netherwhelp mu yoyambayo ndi Frosty mu inayo. Zindikirani kuti za mu gemu zinali kanthu kamodzi, zambiri zinali zoika pa shelefu. Buku lotere ukhoza kulitsegula zaka 15 zitadutsa, akaunti utaiwala pasiwedi yake, nkuona mmene ojambula anayambira ndi pensulo chinjoka chimene unadzamenyana nacho. Ungalibwereke mnzako, ungaligulitse. Kuyambira nthawi ya Mists of Pandaria mu 2012 kunabwera Digital Deluxe, yopanda bokosi, ndipo pang'onopang'ono "yapadera" inasanduka mndandanda wa tizinthu ta pa sikirini. Mabokosi akadalipo, koma ndi odula kwambiri, amatha msanga, ndipo kutumiza kumawonjezera mtengo. Ngati gemuyo ndi imene yakhala nawe zaka zambiri ndipo umakondadi zojambula zake, limenelo ndingakuuze kuti gula, osachita manyazi. Koma ulitsegule, usalisiye mu pulasitiki ukuyembekeza kuti lidzakulemeretsa.

Ndiye zimene ndimachita pano ndi izi. Ndimagula yawamba. Ndimasewera mwezi wathunthu. Ngati pakutha pa mweziwo ndikulowabe tsiku ndi tsiku, ndipo ndikaona munthu atakwera mount ya Epic mtima ukundipwetekabe, ndimapita kukakweza, ndalama yake ndi yomweyo kapena nthawi zina yotsikirapo ikagwa sale. Chiyambireni lamulo limeneli sindinakwezepo ngakhale kamodzi, osati chifukwa choumira, kungoti pofika tsiku la 30 ndimakhala nditaiwala kuti mount ija imaoneka bwanji, maso ali pa ina imene imagwa mu raid.

Mnzanga uja anagula Epic, sanandimvere, ndipo anatenga tchuthi ku ntchito. Pofika Loweruka anali atafika kale pa levulo 80, akutumiza zithunzi mu gulu ngati munthu ali pa ulendo, ine ndikungoyankha ndi tinkhope toseka uku mumtima zikundiwawa pang'ono, ndisaname. Lamulungu madzulo uthenga wina unabwera: "achimwene mulowa nthawi yanji kodi, kuno ma dungeon ndikuchita ndi anthu osawadziwa, healer wake akungondisiya ndife." Healer wa gulu lathu, wochiritsa anzake pa nkhondo, ndine. Anandidikira mpaka Lachinayi linalo kuti ndimupeze.