Tizidole tomwe tinkatithyola manja tija, lero ena akutigula mamiliyoni

Mu Ogasiti 2024 kampani ya okushoni ya Goldin inagulitsa kachidole ka pulasitiki, kosakwana ndi masentimita 10 omwe, pa madola oposa 1.3 miliyoni. Kachidole abale, kokwana m'chikhatho. Ndi ka Boba Fett wa m'mafilimu a Star Wars, ndipo miyezi itatu yokha m'mbuyomo kena ka mtundu womwewo kanali katapita pa madola 525,000 ku Heritage Auctions, anthu n'kumati apa ndiye pathera, osadziwa kuti kuli ena ndalama zikuwayabwa.

Chomwe chinakadulitsa n'choti sikanalowepo m'sitolo. A Kenner, kampani yomwe inkapanga zidole za Star Wars, anakonza zoti mu 1979 katuluke ndi karoketi kumsana, ukadina kazifwamphuka, koma nthawi yomweyo mwana wina ku America anamwalira atatsamwidwa ndi kachipolopolo ka chidole cha kampani ina, ndiye a Kenner anachita mantha n'kumata karoketi kaja kuti kasamachoke. Toombera tija tinangotsala towerengeka, toyeserera chabe, m'manja mwa ogwira ntchito. Ndiye kuti chidole chodula chonchi ana wamba sanachiseweretsepo, ineyo izi zimandiwawa penapake sindinama.

Paja zathu zija tinazimaliza ndithu. Ine ndinali wa He-Man, wa a Mattel uja anatuluka mu 1982, chifuwa ngati kabati, ukamupotokola m'chiuno n'kumusiya amabwerera yekha ndi chibakera, ndiye tangoganizani mwana kupotokola m'mawa mpaka madzulo tsiku ndi tsiku, miyendo nayo inalumikizidwa ndi kalabala mkati moti kakatopa mkuluyu samaimanso, umachita kumutsamiritsa kukhoma koma nkhondo imapitirirabe. Anzanga ena anali a G.I. Joe ang'onoang'ono aja a Hasbro, nawonso a 1982, okhala ndi kasikuluu kumsana ndi kalabala kozungulira m'chiuno. Timamasula kasikuluu kaja n'kusinthanitsa mitu, manja, miyendo, kupanga msilikali woti ngakhale eni kampani sangamuzindikire kkkk. Zala zazikulu zimathyoka pokakamiza kugwiritsa mfuti. Timfuti timeneto timasowa sabata isanathe. Nanga pepala lolimba lomwe chidole chimabwera chitamatidwapo lija? Timaling'amba tisanakhale n'komwe pansi, ndani amaganiza za pepala.

Komanso tinkaona ngati katuni ya pa TV ndi imene inabala zidole, pamene kwa He-Man zidole ndi zomwe zinayamba, katuni inadzabwera mu 1983 kudzathandiza malonda. Timaonera otsatsa malonda tili kukamwa yasaa, ndipo zimakoma bwanji.

Tsono pepala lomwe timang'amba lija ndi lomwe lili ndalama lero. Anthu osunga zidole amayang'ana ngati kapulasitiki koonekera kaja sikanachite chikasu kapena kumatuka, ngati makona a pepala sanapindike, mpaka ngati kabowo kopachikira m'sitolo kanabooledwa kapena ayi. Kuli kampani ngati AFA yomwe ntchito yake ndi kuyeza chidole, kuchipatsa malikisi ofika 100 n'kuchitsekera m'bokosi loonekera, osachikhudzanso. Kusiyana kwa malikisi pang'ono chabe kumasinthiratu mtengo. Chidole chomwecho chikakhala chotsegula, chopanda mfuti, penti itasupuka pamphuno, mtengo umagweratu pansi, nthawi zina kamfuti koyambirira kokhako kamadula kuposa mwini wake, n'chifukwa chake akamberembere akupanga timfuti tabodza tambirimbiri moti wogula asamale.

China chimadulitsa ndi kusintha kwapakati. Jawa woyamba wa 1978, nayenso wa mu Star Wars, anatuluka ndi mkanjo wa pulasitiki, posakhalitsa a Kenner anasintha n'kuika wa nsalu, lero wa pulasitiki uja ndi amene anthu akulimbirana, chikhalirecho pa nthawiyo amaoneka wotchipa.

Koma apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Mu 1995 a Kenner anatulutsanso zidole za Star Wars, ndipo akuluakulu omwe anali atamva kuti zakale zija zakwera mtengo anathamangira kukagula makatoni ndi makatoni osatsegula n'kumasunga kuti tsiku lina adzalemera. Zaka 30 zadutsa, zambiri mwa izo mtengo wake sunapite kulikonse, chifukwa aliyense anasunga, zili mbwee pa msika wa pa intaneti wa eBay zatsopano mbee, wogula palibe. Za 1978 zija zimasowa chifukwa zinagwera m'manja mwa ana, zina tinazitafuna mitu, zina tinazikwirira mumchenga n'kuiwala pomwe tinakumba, zotsala makolo anataya posesa m'nyumba titakula. Ifeyo ndi amene tinakweza mtengo powononga, anadya ndalama ndi mwana amene sanatsegule mphatso yake, kaya anali mwana wamtundu wanji ameneyo.

Mtengo umayendanso ndi msinkhu wa ogula. Amene tinali ana m'zaka za m'ma 1980 pano tikugwira ntchito, tili ndi kangachepe koti n'kugulira zomwe makolo anatikaniza, ndiye He-Man, Transformers za 1984 ndi akamba a Ninja aja a 1988 zikuyenda malonda. Ife tikadzatha sindikhulupirira kuti adzukulu okulira pa foni adzalira ndi kachidole koti sanakaonepo pa TV, ndiye wondiuza kuti zidole ndi penshoni ine ndimangomuyang'ana.

Ndikafuna kugula ndimasaka zotsegula, zosupuka pang'ono, zotchipa, zoti ndikhoza kuzigwira osachita mantha. G.I. Joe wolekana pakati savuta, umamasula kasikuluu, kuika kalabala katsopano, waimanso. Chovuta ndi kasikuluu kochita dzimbiri, kameneko kamafuna kudontheza mafuta ndi kuleza mtima apo ayi umaphwanya msana wonse. Ndipo ngati muli nato tina m'katoni penapake titalikitseni ndi dzuwa ndi kutentha, pulasitiki woyera amachita chikasu, timfuti muike m'kajumbo kapadera muzilemba kuti ndi ta ndani, chifukwa zikasakanikirana mudzatha usiku wonse pa intaneti mukufananitsa zithunzi.