Ndinapita kukakwera phiri la Zomba, tsiku n'kuthera pa kaunjika

Msinkhu wanga ndi mamita 1.92, chiuno mainchesi 30. Anzanga a ku Bangwe amati ndikamabwera patali zimakhala ngati nsungwi yazuka yokha. Ndiye Loweruka lija pokwera minibasi ku Limbe, kondakitala sanaganizeko kawiri, anangondikankhira mpando wakumbuyo kwenikweni, mawondo atakanikizika pa chitsulo. Njuli, Namadzi, Thondwe, malo onsewa ndinawamvera m'mawondo. Potsika pa depoti ya Zomba, kawaya kotuluka mu mpando kanakola jinzi yanga pantchafu, kwee! mpaka pabondo.

Wina akhoza kuseka, koma imeneyi inali jinzi yokhayo imene inkandifika pansapato, ndipo ndinali nditaisamala zaka zitatu ngati dzira. Msuweni wanga amene amaphunzira pa yunivesite ku Chirunga, yemwe tinapangana kuti tikwere phiri limodzi, anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Achimwene, simungakwere chonchi, kumtunda kukuzizira. Tiyeni kumsika."

Vuto la ife aatali owonda ndi loti opanga majinzi amaganiza kuti munthu akamatalika amanenepanso. Pa kachikopa kakumbuyo kaja pamalembedwa W ndi L. W ndi chiuno, L ndi kutalika kwa mwendo kuyeza cham'kati, kuyambira pamene miyendo yakumana mpaka pansi. Ine ndimafuna W30 L36, kutanthauza mwendo wa masentimita 91. Koma m'mashopu athu W30 imabwera ndi L30, ikakoma mtima L32. Ukavala, masokosi onse ali pamtunda ngati ukuwoloka mtsinje. Ukati utenge W38 kuti upeze kutalika, lamba amaikwinya m'chiuno ngati pakamwa pa thumba la makala.

Kumsika waukulu tinapeza milu ya kaunjika itayalidwa kale, anyamata akukuwa mitengo, anthu akuvundukula. Aliyense anali kuyeza chiuno mwachizolowezi chathu, kuzunguliza chiuno cha thalauza m'khosi, mbali ziwiri zikakumana kumbuyo basi yakwana. Njira imeneyi imagwira ndithu, koma ya kutalika palibe anaitulukira. Mayi wina wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati, "Bambo, inuyo dikirani belo la ku Ulaya." Sananame. Ku Netherlands mwamuna wa msinkhu wapakatikati amafika masentimita pafupifupi 183, ndiye kumeneko ine sindingatembenuze khosi la munthu.

Titazungulira ola lathunthu ndinagonja, ndinati bola ndikasoketse yong'ambikayo. Pakhonde la sitolo ina panali telala wachikulire, kofia kumutu, akupalasa makina a Singer akale aja. Anaona pong'ambikapo, anapukusa mutu, nati chigamba chake chioneka ngakhale usiku. Nditawadandaulira za ulendo wanga wa kumsika, anavula tepi m'khosi n'kundipatsa.

"Mwana wanga, ine nsalu ndimachotsa, sindiwonjezera. Pita ukagule kutalika. Chiuno ndi ntchito yanga."

Anandilangizanso kuti ndisakhulupirire kachikopa. Kaunjika yachapidwa kambirimbiri, ina yaumitsidwa m'makina otentha n'kufupika, ina mwini wake woyamba anaidula. Ndinati madalawa akungokometsa nkhani, koma nditabwerera pamulu ndinapeza Levi's yolembedwa L34, tepi n'kunena 32. Kuyang'anitsitsa kunsi, ulusi wa mpendero unali wosiyana mtundu ndi wa m'mbali. Wina wake kutsidya kwa nyanja anali wamfupi kuposa jinzi yake.

Imene ndinatenga inatuluka pansi penipeni pa mulu wa mayi uja: Wrangler yabuluu wakuda, miyendo yowongoka, W32 L36, pa tepi 35 ndi theka. Ndinabisa chimwemwe kuti mtengo usakwere, koma mayiyo anali atandiwerenga kale. "Musavutike kunenerera bambo, yakhala pano masabata awiri kudikira inuyo." Anandichotserako pang'ono pokha, mwaulemu.

Chimene ndinakonda ndi mmene madala aja anagwirira ntchito. Anandiuza kuti ndiivale kuseri kwa chitseko, kenako ndikhale pampando, ndinjute, ndikweze bondo. Amati munthu wamtali satalika miyendo yokha, ndiye jinzi ya zipi yaifupi imatsika kumbuyo ukangokhala pansi, anthu n'kumaona zosayenera. Iyi inapambana mayeso. Analemba ndi choko pa msoko wapakati wakumbuyo, anasula kachingwe ka lamba ka pamenepo, n'kubweza mainchesi awiri. Anati kupitirira apo matumba akumbuyo amayandikana ngati maso a nyani, n'chifukwa chake W38 ija sakanailandira. Anasintha singano n'kuika yaikulu, ya nambala 18, chifukwa pamene nsalu ya jinzi yapindana kanayi singano wamba imathyoka. M'ntchafu anachepetsamo pang'ono, koma anakana kuthinitsa kunsi monga ndinapemphera. "Miyendo yako ndi yowonda kale, ukufuna uoneke ngati kakowa?"

Podikira tinakwera cha kumtunda kukaona nyumba zakale za boma. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo aphungu anapitirizabe kukumana kuno mpaka 1994. Misewu yake ya mitengo ikuluikulu imayendeka bwino ngakhale uli ndi ntchafu pamtunda, kungoti ana a sukulu ena anandiloza.

Jinzi inatha cha m'ma 2 koloko, nthawi yokwera phiri wapansi itadutsa. Tinapanga hayala njinga zamoto mpaka ku hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri, n'kuyenda wapansi kutsikira ku damu la Mulunguzi. Unali mwezi wa June, mphepo ya m'mapaini ikulowa mpaka m'mafupa. Tinagula mastroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, tikudya tikuyenda. Ku Emperor's View, malo oonera patali kumene mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie inakaimako mu 1965, sitinafikeko, dzuwa linali litapendeka. Msuweni anadandaula njira yonse kuti ndamuwonongera Loweruka, ine ndikungoyang'ana pansi, kuona nsalu itagona bwinobwino pa zingwe za nsapato, akakolo ali phee m'kati.

Yong'ambika ija ndinaisiya kwa madala kuti aidule ikhale kabudula, msuweni akanditengere Lolemba. Anakatengadi, koma mpaka lero sinafike ku Bangwe. Chithunzi chimene wanditumizira pa WhatsApp waivala yekha, ndipo pa iye kabudulayo akufika pa katumba.