Mmene Ndinakhalira Bambo Portanto

Popeza nkhaniyi yafika kale ku Domwe ndi ku Tsangano, ndipo kumeneko akuti ndinagwidwa ndi mizimu m'chipinda cha mayeso ku Tete mpaka amuna anayi anachita kundinyamula, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina. Palibe amene anandinyamula. Ndinayenda ndi miyendo yanga kuchoka pa mpando wakumbuyo kukafika kutsogolo, ngakhale ndikuvomera kuti nsapato imodzi inatsala pansi pa desiki chifukwa ndinali nditaivula kuti phazi lipume.

Amene anayambitsa zonsezi ndi atsibweni anga, mphunzitsi wopuma pa ntchito ku Ulongwe. Atamva kuti mayeso a ntchito imene ndinafunsira pa kampani ina adzakhala ndi gawo la raciocínio lógico, lomwe ndi la mafunso oyesa kaganizidwe kotsata zifukwa, anandikhazika pakhonde madzulo atatu. Anandiuza kuti funso lofunsa conclusão principal silifunsa chiganizo chomaliza, koma mfundo imene wolembayo akufuna kuti uivomereze, imene ziganizo zina zonse zikuigwirira ntchito. "Mphwanga, zili ngati pabwalo la milandu," anatero. "Pali mboni, pali chigamulo, ndipo mfumu ina imayamba ndi chigamulo n'kumafotokoza zifukwa pambuyo. Chenjera ndi nyakwawa, amene ali ndi anthu pansi pake koma nayenso ali ndi mfumu pamwamba pake. Chiganizo china chimakhala ndi zifukwa zake, chimavala ngakhale portanto kutsogolo, amene ndi 'choncho' wa m'Chipwitikizi, chikhalirecho chikungothandiza chinzake chachikulu." Anandipatsanso njira yoyesera: utenge ziganizo ziwiri zimene zikulimbirana ufumu, uike mawu akuti "choncho" pakati pake, kenako uzitembenuze, ndipo pamene zikumveka zanzeru, chimene chili kutsogolo kwa "choncho" ndicho mboni, chotsatiracho ndicho chigamulo.

Ine ndinayamikira mwaulemu, koma mumtima ndinali nditapeza kale njira yachidule. Mawu akuti conclusão timawamvanso nyumba ikatha kumangidwa, ndiye ndinagamula kuti yankho limakhala kumathero, makamaka paliponse pamene pali portanto, logo kapena por isso, amene onse amatanthauza "choncho." Njirayi ndinailalikira kwa anzanga a pa bawo, ndipo ndi chifukwa chake lero akusangalala chonchi.

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, mbandakucha nditavala jekete ya alamu anga, chifukwa ku Angónia m'mawa kumazizira ndithu. Titadutsa pa Mussacama ndi ku Moatize, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ndinazindikira kuti makilomita oposa 200 amene ndinayendawo anandichotsa m'dziko la anthu n'kundiika mu uvuni wa buledi. Unali mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa mzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40. Jeketeyo sindikanaivula, popeza malaya amkati anali ong'ambika kumsana.

Mafunso asanu ndi anayi oyambirira ndinawadya ngati mtedza wokazinga. Sindinkawerenga n'komwe ndime yonse, ndinkangosaka portanto ngati munthu wosaka mbewa pa dzenje lodziwika, n'kuchonga yankho. Kenako linabwera funso lakhumi, limene ndikulimasulira kuchokera m'Chipwitikizi: "Anthu ambiri amati mlimi azigulitsa mbatatesi zake zonse akangokumba. Maganizo amenewa ndi olakwika. Pa nthawi yokumba mlimi aliyense amatengera mbatatesi kumsika, portanto mtengo umatsika."

Mbatatesi! Ine, mwana wa ku Angónia, amene sukulu yanga yonse inalipiridwa ndi matumba a mbatatesi, ndinaona kuti funso limeneli ndiyenera kulilemekeza poliwerenga lonse. Apa ndi pamene mavuto anayambira. Yankho B linkati mtengo umatsika pa nthawi yokumba, ndipo dzanja langa linali litanyamuka kale kukalichonga. Yankho D linkati mlimi asagulitse mbatatesi zake zonse atangokumba. Panalinso yankho lina lonena kuti mbatatesi zimaola zikasungidwa nthawi yaitali, zimene ndi zoona zenizeni, moti ndinatsala pang'ono kulichonga pofuna kumuphunzitsa ulimi wolembayo, koma ndinakumbukira kuti atsibweni anati mayeso safunsa zimene ukudziwa iwe, amafunsa zimene wanena mwini ndimeyo.

Ndinaika cholembera pansi. Ndinatambasula dzanja lamanzere n'kuikapo B, ndinatambasula lamanja n'kuikapo D, ndipo ndinayamba kuyeza ngati mayi wogulitsa nyemba amene sikelo yake yafa. "Mtengo umatsika, choncho asagulitse zonse." Zinamveka bwino. Ndinapingasa manja. "Asagulitse zonse, choncho mtengo umatsika." Zinamveka ngati zolankhula za munthu amene wachokera ku kachasu. Ndinabwereza kuti nditsimikize, kenako ndinabwerezanso chifukwa zinkandikoma. Ine ndinkakhulupirira kuti zonsezi zikuchitikira m'mutu mwanga. Mboni zanena pambuyo pake kuti maso anga anali otsinzina, thukuta likuchucha kuchokera pachibwano n'kumagwera papepala ngati denga lothonya, manja akukwera ndi kutsika mosinthana, ndipo pakamwa pakutuluka mawu amodzi okha omveka, "choncho, choncho, choncho," m'chipinda chodzaza ndi anthu olankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi amene ena mwa iwo anayamba kusendeza mipando yawo. Mnyamata amene anali pafupi nane akuti anagwira korona wake m'thumba.

Yankho linali D. Portanto uja anali nyakwawa chabe, ndipo mfumu inali itakhala phee pakati pa ndime, m'kachiganizo ka mawu anayi kopanda chizindikiro chilichonse. Chimwemwe changa chinatha msanga, chifukwa nthawi yomweyo ndinakumbukira mafunso asanu ndi anayi aja, onse oyankhidwa mwa njira ya pa bawo. Mawu akuti "Mayo ine!" sindinawakonzekere, anangotuluka okha.

Nditatsegula maso ndinapeza mayi woyang'anira mayeso ataima pambali panga. Analankhula m'Chipwitikizi chodekha kwambiri: "Bambo, nyamukani mukakhale kutsogolo. Kwa mphindi zisanu mwakhala mukulankhula ndi kupereka zizindikiro ndi manja, portanto mukupatsana mayankho ndi mnzanuyu."

Munthu wanzeru akanapepesa. Koma taganizirani, abale anga, munthu amene kwa nthawi yoyamba m'moyo wake wangoona kumene kusiyana kwa mfumu ndi nyakwawa, ndiye wina akumubweretsera chitsanzo chamoyo, chofunda, m'manja mwenimweni. Ndinawayang'ana mayiwo mwachikondi ndithu, n'kunena mokweza kuti: "Mayi, conclusão principal yanu ndi yoyambayo, yoti ndinyamuke. Zoti ndikubera ndi nyakwawa chabe, ngakhale mwaziveka portanto." Mawu oti nyakwawa ndinawanena m'Chichewa, popeza Chipwitikizi chake chinandithawa. Chipinda chonse chinakhala chete, kupatula bambo wina kumbuyo, mwina wa kwathu kuno, amene anaseka mpaka kutsamwa. Ndikumuganizira kuti ndi amene anafalitsa nkhaniyi.

Ndikufuna kuti zidziwike kuti pa mfundo imeneyi sindinalakwe. Atsibweni anga nditawafotokozera anavomereza kuti ndinasanthula bwino mawu a mayiwo, ngakhale anawonjezera kuti mboni yawo inali yofooka koma mphamvu zinali zawo. Mayiwo sananditulutse. Anafunsa mnyamata wa korona uja ngati akundidziwa, ndipo iye anakana mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira. Anandikhazika patebulo lawo lenilenilo, moyang'anizana ndi anthu onse, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, ndipo anandilamula kuti manja onse awiri akhale patebulo. Popanda manja njira ya atsibweni inkayenda pang'onopang'ono, moti mwa mafunso asanu ndi anayi aja ndinakonzapo atatu okha nthawi isanathe, ndipo limodzi mwa atatuwo linali litafufutika kale ndi thukuta.

Kampaniyo sinandiimbirebe foni. Pa bawo tsopano sindingasunthe nkhomo popanda wina kunena kuti "portanto," ndipo ngakhale ana a pamsika wa Ulongwe ayamba kundipatsa moni atatambasula manja awiri. Alamu anga akuti jekete yawo ikununkhabe Tete ndipo akufuna mametikali ochapitsira, koma ndawauza kuti ayambe adikira ndigulitse mbatatesi, popeza chaka chino sindikugulitsa zonse nthawi imodzi.